Nyama Imene Anaitcha Ulesi

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, m'maiko a Central America ndi South America, kuli nkhalango zowirira kumene mvula imagwa miyezi yambiri pa chaka. Mitengo ya kumeneko ndi yaitali zedi, ndipo nthambi zake zimakumana m'mwamba, kotero kuti pansi pamakhala kamdima ngakhale dzuwa liri paliombo. M'mitengo imeneyo mumakhala nyama ina imene mu Africa mulibe. Msinkhu wake ufanana ndi wa pusi. Iri ndi ubweya wautali wotuwa, mutu waung'ono woburungira, ndi miyendo yakutsogolo yaitali imene kunsonga kwake kuli zikhadabo zokhota ngati ngowe. Ndi zikhadabo zimenezo imadzikoleka ku nthambi chagada, msana pansi, mimba kumwamba. Imadya iri chomwecho, ndipo ngakhale mwana imabereka iri m'mwamba momwemo.

Chimene munthu amayamba kuona pa nyamayi ndicho kuchedwa kwake. Ikafuna kuthyola tsamba, mwendo wake umanyamuka pang'onopang'ono monga wa munthu amene wangodzuka kumene pa mphasa ya matenda. Tsiku lathunthu imayenda mamita ngati 40, mtunda umene mwana amatha pothamangitsa nkhuku. Chifukwa cha ichi Angerezi anaitcha sloth, liu limene kumasulira kwake ndiko ulesi, umodzi wa machimo akulu asanu ndi awiri amene Mpingo unali kuphunzitsa kuyambira kale. Aspanya anaitcha perezoso, Apwitikizi preguiça, Afalansa paresseux, ndipo mau onsewa anena za ulesi womwewo. Mitundu inai ya anthu inagamula mlandu mofanana, niipachika chigamulocho pa nyamayo kuti chikhale dzina lake.

Tsono funso nali: kodi chiweruzo chimenechi ndi cholungama? Kodi kuchedwa ndi ulesi ndi chinthu chimodzi? Nyamayo siidziwa dzina lake, ndipo siidandaula. Koma mlandu wotere umazengedwa tsiku ndi tsiku pakati pa anthu, m'minda, m'masukulu ndi m'malo a ntchito, ndipo kumeneko woweruzidwayo amamva, ndipo mumtima mumamuwawa.

Mboni zoyamba

Mmodzi wa Azungu oyamba kulemba za nyamayi anali Mspanya dzina lake Gonzalo Fernández de Oviedo, amene buku lake linasindikizidwa m'chaka cha 1526. Iye anasunga imodzi kunyumba kwake. Popeza sanaione ikudya kanthu, anaganiza kuti imakhala moyo ndi mphepo yokha, nanenanso kuti sanaonepo nyama yonyansa ndi yopanda ntchito yonga imeneyo. Anzake a masiku amenewo anali kuitcha perico ligero monyogodola, ngati kunena kuti Petulo waliwiro.

Patapita zaka zoposa 200, katswiri wa ku France dzina lake Buffon, amene mabuku ake a za nyama anali kuwerengedwa mu Ulaya monse, anaonjeza mlandu. M'chaka cha 1765 analemba kuti thupi la sloth ndi lolakwika ponseponse, ndi kuti pakadaonjezeka chilema chimodzi chokha nyamayo sikadatha kukhala ndi moyo. Buffon anali munthu wanzeru ndithu, koma ku nkhalangozo sanapondeko phazi.

Amene anatsutsa ndiye Charles Waterton, Mngerezi amene anayenda kangapo m'nkhalango za Guiana, nasindikiza buku la maulendo ake m'chaka cha 1825. Iye anasunga sloth m'chipinda mwake miyezi ingapo, naona kuti pansi inali kubvutika, koma itapeza msana wa mpando inadzikolekapo nikhala mwamtendere. Anaionanso m'nkhalango ikuyenda kuchoka mu mtengo wina kulowa mu unzake mosaphonya nthambi. Mau ake anali akuti olemba aja anaiona nyamayo pamalo pamene sipake. Zoonadi, sloth ikakhala pansi imamvetsa chisoni. Siitha kuimirira pa miyendo yake. Imakwawa ndi mimba, nikola dothi ndi zikhadabo kuti idzikoke. Koma ndani angaweruze kusambira kwa chambo atachiponya pamchenga? Sloth yomweyo ikagwa mumtsinje imasambira bwino, mofulumira koposa umo imayendera pamtunda.

Chakudya chochepa, moto wochepa

Sloth ziripo za magulu awiri. Zina ziri ndi zikhadabo ziwiri ku miyendo yakutsogolo, zina zitatu. Za zikhadabo ziwiri ndi zokulirapo, zimayenda usiku, ndipo zimadyako zipatso. Za zikhadabo zitatu zimalemera makilogalamu ngati 4, ndizo zochedwetsetsa, ndipo chakudya chake ndi masamba, makamaka a mitengo yowerengeka monga wotchedwa Cecropia.

Gwero la kuchedwa konse liri pa masamba amenewa. M'nkhalango masamba ali paliponse, koma ndi chakudya chosauka. Ndi olimba, mphamvu yake ndi yochepa, ndipo ambiri ali ndi ululu umene mtengo umadzitetezera nao. Nyama zina zimene zimadya masamba, monga njobvu ndi nyamalikiti, zimapambana chifukwa ndi zazikulu ndipo zimadya mitolo ndi mitolo. Koma nyama yokhala kunsonga kwa mtengo siingakule chotero, pakuti nthambi ingathyoke. Iyenera kukhala yaing'ono, ndi mimba yaing'ono, nidya chakudya chimene chifuna mimba yaikulu.

Chifu cha sloth chiri ndi zipinda zingapo monga cha ng'ombe, ngakhale kuti siibzikula. M'zipindamo muli tizirombo tosaoneka ndi maso timene timafewetsa masamba ndi kupha ululu wake. Ntchito imeneyi imatenga nthawi. Chakudya chimene mbuzi imagaya m'masiku ochepa, m'mimba mwa sloth chimakhala milungu ingapo, mwina mwezi wathunthu. Chifucho chimakhala chodzaza nthawi zonse, ndipo za m'kati mwake zikhoza kufika limodzi la magawo atatu a kulemera kwa thupi lonse. Kotero ngakhale masamba ali pamphuno pake, nyamayo siitha kuonjeza kudya. Ziri ngati pa chigayo chogaya pang'onopang'ono: ngakhale matumba achuluke pakhomo, ufa wotuluka ndi womwewo.

Wolandira pang'ono ayenera kumwaza pang'ono. Thupi la nyama iriyonse liri ngati moto, ndipo chakudya ndizo nkhuni zake. Nyama zothamanga ziri ndi moto wa mapesi, wowala ndi wotentha, wofuna kusonkhezera kosaleka. Moto wa sloth ndi wa chitsa chimene chimanyeka mwakachetechete usiku wonse. M'chaka cha 2016 Jonathan Pauli ndi anzake a ku Yunivesite ya Wisconsin anafalitsa zimene anapeza atayesa sloth za ku Costa Rica. Anapeza kuti ya zikhadabo zitatu imatha mphamvu yochepa pa tsiku koposa nyama zonse zoyamwitsa zimene zinayesedwapo chotero. Mphamvu ya tsiku lonse ifanana ndi imene iri mu nthochi imodzi yaikulu.

Thupi lonse linakonzeka motsata umphawi umenewu. Minofu yake ndi yochepa, popeza minofu imadya chakudya ngakhale mwini wake ali chikhalire. Thupi la munthu limasunga kutentha kumodzimodzi usana ndi usiku, ndipo kutero kumafuna nkhuni zambiri. La sloth limazizira kukazizira, ndipo m'mawa nyamayo imakwera kunsonga kwa mtengo kukaotha dzuwa monga buluzi pamwala. Mitsempha ya m'miyendo yake imagwira nthambi yokha popanda kulimbikira, kotero kuti nthawi zina sloth imapezeka itafa koma iri chikolekere. M'chaka cha 2014 Rebecca Cliffe ndi anzake anaonetsa kuti chiwindi ndi chifu chake ndi zomangirizika ku nthiti, kuti zisapsinje mapapo pamene nyamayo iri chadodolido. Nyama zoyamwitsa pafupifupi zonse, ndi nyamalikiti yemwe, ziri ndi mafupa 7 m'khosi. Sloth ya zikhadabo zitatu iri nao 8, 9 kapena 10, ndipo imatha kutembenuza mutu kuona kumbuyo thupi lonse liri duu.

Kuchedwako kulinso chishango. Adani ake akulu ndiwo chiombankhanga chachikulu chotchedwa harpy, ndi jaguar, chirombo chonga kambuku. Onsewa amasaka ndi maso, ndipo diso la mlenje limakopeka ndi chinthu chogwedezeka. Pusi akaona mdani amakuwa nathawa. Sloth siingathawe, kotero imangokhala ngati chisa cha nyerere kapena mulu wa masamba ouma. Ubweya wake umamera kuchokera kumimba kunka kumsana, kuti mvula idzitsetsereka pamene iri chagada, ndipo m'ubweyamo mumamera ndere zimene zimaipatsa maonekedwe obiriwira m'nyengo ya mvula. Mumakhalanso tiagulugufe tating'ono timene kwao ndi momwemo. Munthu akhoza kuima pansi pa mtengo nthawi yaitali osadziwa kuti pamwamba pake pali nyama. Chikhalirecho, m'nkhalango zina za Panama sloth ziri m'gulu la nyama zoyamwitsa zochuluka koposa. Chilema chimene Buffon anaona ndicho chimene chinazisunga.

Kamodzi pa mlungu nyamayi imatsika pansi kukadzithandiza patsinde pa mtengo. Ya zikhadabo zitatu imakumba kadzenje ndi kamchira kake, nichita zofunikazo, nikweranso. Ulendo umenewu ndi woopsa, ndipo zambiri zimagwidwa ndi zirombo pa nthawi yomweyo. Tiagulugufe tija timaikira mazira m'ndowe zake, ndipo tatsopano tikakula timauluka kukafuna sloth m'mwamba.

Nanga tulo? Kale mabuku anali kunena kuti sloth imagona maola pafupifupi 16 pa tsiku. Chiwerengero chimenecho chinatengedwa pa nyama zosungidwa m'khola. M'chaka cha 2008 Niels Rattenborg ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa chilumba cha Barro Colorado ku Panama, kumene anaika tizipangizo toyesa ubongo pamitu pa sloth za m'nkhalango nazibwezera m'mitengo. Zinali kugona maola 9 ndi theka, kapena kupitirirapo pang'ono. Alipo anthu athanzi amene amaposa pamenepo. Apanso mboni zoyamba zinaona wam'ndende nizinena za mfulu.

Yaikazi imabereka mwana mmodzi, nimunyamula pamimba pake miyezi ngati isanu ndi umodzi, kukwera naye ndi kutsika naye, pa chakudya chochepa chomwe chija. Mwanayo amanyambita timasamba pakamwa pa mai wake, ndipo potero amaphunzira mitengo yodyedwa. Akakula, mai amamsiyira mbali ya dera lake nasunthira kwina.

Mlesi ndani?

Pamudzi palibe amene sadziwa mlesi. Ndi munthu amene mphamvu ali nazo, munda ali nao, khasu liripo, mvula yagwa, koma iye wasankha kukhala pamthunzi. Ndipo ulesi wake sutha pa iye yekha. Nthawi ya nsima amasamba m'manja pa mbale ya mbale wake. Chimene iye sanalime, wina analima. Katundu amene iye anatula, ali pamutu pa mkazi wake kapena pa mai wake wokalamba. Ichi ndicho chimene chimaipitsa ulesi, ndipo nchifukwa chake makolo anali kuudzudzula kolimba. Munthu akadakhala yekha pa chilumba, ulesi wake ukadangokhala kupusa. Pakati pa anzake umasanduka kuba kwa mtundu wina.

Poyesa sloth ndi muyeso umenewu, mlandu ukugwa. Mphamvu yobisa iribe. Yonse imene imalandira imathera pa kugaya, kukwera ndi kulera. Siidya thukuta la nyama inzake. Ndiponso siinasankhe, pakuti nyama siikhala pansi kuganiza kuti lero ndigwire ntchito kapena ndileke. Pamene palibe kusankha palibe tchimo.

Koma mau omwewa atseka khomo linanso. Masiku ano alipo anthu, makamaka m'maiko olemera, amene amajambula sloth pa malaya ndi pa makapu, naitama ngati mphunzitsi wa kupuma. Iwonso alakwa, monga analakwira Buffon, pakuti nyamayo siipuma: ikugwira ntchito yolemetsa ya kukhala ndi moyo pa chakudya chosakwanira. Mlesi wa pamudzi amene wamva nkhani iyi asati wapeza mbale wake m'nkhalango za Brazil. Iye mimba yake imagaya nsima msanga ndithu.

Ndiponso sikuti kuchedwa kulibe mlandu nthawi zonse. Akulu amasimba nthano ya bilimankhwe, amene Chauta anamtuma kwa anthu ndi uthenga wakuti akafa adzaukanso. Bilimankhwe anayenda mwa kayendedwe kake, ndipo buluzi, amene ananyamula uthenga wa imfa, anampitirira nayamba kufika. Anthu ambiri mpaka lero samuona bwino bilimankhwe. Koma poisinkhasinkha nthanoyi, cholakwa chake sichinali m'miyendo. Chinali chakuti anatumidwa, ndipo anthu anali kudikira. Munthu wotumidwa kukaitana mzamba usiku, akayenda monyang'wa, walakwa, ngakhale anene kuti kuthamanga si kufika. Mlimi amene achedwa kubzala mvula yoyamba itagwa, ana ake ndiwo adzalipira. Kuchedwa kumakhala mlandu pamene pali wina wodikira, ndipo wochedwayo akadatha kufulumira. Sloth palibe anaituma.

Chobvuta chiri apa: kunja, wochedwa chifukwa cha ulesi ndi wochedwa chifukwa cha kusowa mphamvu amaoneka chimodzimodzi. Onse awiri atsalira pa mzere, onse akhala pansi dzuwa lisanatenthe. Diso lokha silingawasiyanitse.

Za ichi mbiri ya anthu iri ndi chitsanzo chomveka. Kumwera kwa United States, zaka zoposa 100 zapitazo, alimi osauka anali kutchuka ndi ulesi. Anali oyezuka, ofooka, ochedwa pa ntchito ndi pa sukulu pomwe, ndipo a m'mizinda anali kuwaseka. M'chaka cha 1902 Charles Wardell Stiles anaonetsa kuti ambiri a iwo anali ndi njoka za m'mimba zimene zimalowera kumapazi ndi kuyamwa magazi m'matumbo. Manyuzipepala anazitcha kachirombo ka ulesi. M'chaka cha 1909 John D. Rockefeller anapereka madola 1,000,000 kuti anthuwo apimidwe, alandire mankhwala, ndi kuphunzitsidwa za zimbudzi ndi nsapato. Chimene alaliki ndi akapitao anali kudzudzula chinali matenda.

Njoka zomwezo zimapezekanso m'maiko a Africa, pamodzi ndi likodzo ndi malungo, ndipo zonsezi zimachepetsa magazi ndi kufooketsa thupi. Ndiponso ku Malawi ndi ku Zambia ntchito yolemetsa ya kupalira ndi kubandira imadza m'miyezi yomwe nkhokwe zambiri zapepuka. Munthu amene wapita kumunda atangomwa madzi, akayenda pang'onopang'ono ndi khasu, akuchita chimene sloth imachita: akuyesa moto ndi nkhuni zimene ali nazo. Womuona ali pa njinga, mimba iri yokhuta, sachedwa kupeza dzina lomutcha.

Palinso kuchedwa kwa munthu amene waonedwa pamalo pamene sipake. Mai wa zaka 50 amene wagwira pensulo koyamba amalemba dzina lake movutikira, chilembo chimodzi, kupuma, chilembo china. Mwana wa sukulu akhoza kuseka. Koma dzanja lomwelo limaumba mbiya yosatayikira, limadziwa kupeta ndi kusankha mbeu, ndipo linalera ana amene akusekawo. Kalaliki wolemba mofulumira atapatsidwa dongo kapena nkhafi ya bwato, nayenso adzakwawa ndi mimba monga sloth pa dothi. Kusiyana kwake nkwakuti nyama ija siidzaphunzira kuyenda pansi, pamene mai uja, akapirira, mwezi wa mawa adzalemba mzere wathunthu.

Kodi tsono munthu aleke kuweruza? Iai, pakuti alesi alipodi, ndipo mudzi umene uopa kuwadzudzula umasenzetsa akhama katundu wa anthu awiri. Koma woweruza ali ndi ngongole ya kufunsa asanatchule dzina. Kodi munthuyu wadya? Kodi ali bwino m'thupi? Kodi ntchitoyi ndi imene anaizolowera? Kodi akachedwa, ndani amalipira? Mafunso otere amafuna nthawi, ndipo nthawi ndiyo imene oweruza ambiri amaumira. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Oviedo anayang'ana nyama ya m'nyumba, Buffon anawerenga makalata a ena, ndipo dzina linakhazikika msanga. Koma kuti choona chidziwike panafunika anthu okhala pansi pa mitengo miyezi ndi zaka, makosi ali m'mwamba. Pa mlandu umenewu ntchito yochepa inagwiridwa ndi otcha dzina.

Nkhalango ikang'ambika

Nzeru ya thupi la sloth inayenera nkhalango yosadukiza, mmene nthambi imagwirana ndi nthambi inzake. Pamene anthu adula mitengo, nalambula miseu ndi minda, nyamayo imakakamizika kutsika ndi kukwawa poyera. Pamenepo imakumana ndi agalu ndi magalimoto, adani amene kukhala chete sikuwanyenga. Zina zimagwira mawaya a magetsi poyesa kuti ndi nthambi, nizipsa. Mtundu wina waung'ono, umene umapezeka pa chilumba chimodzi chokha cha Escudo de Veraguas ku Panama, ndipo unalembedwa ngati mtundu paokha m'chaka cha 2001, uli pafupi kutha. Nyama imene inapirira chiombankhanga ndi jaguar kwa mibadwo yosawerengeka siitha kusintha mayendedwe ake chifukwa cha mseu wa dzana.

Ku Costa Rica anthu osamala nyama amamanga zingwe m'mwamba, kuchokera ku mtengo wina kufika ku unzake, kuti sloth zioloke mseu osatsika. M'madera a m'mbali mwa nyanja si chachilendo kuona magalimoto ataima pamene imodzi ikuoloka, kapena munthu ataitola mosamala kukaikoleka pa mtengo wa tsidya linalo. Chithunzi chake chiri pa ndalama ya pepala ya 10,000 colones, ndipo m'chaka cha 2021 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaika sloth m'gulu la zizindikiro za fuko. M'lamulo limenelo nyamayo inalembedwa ndi dzina lake lakale lomwe lija, perezoso.